Mabala a pa thabwa la mafunde

Munthu akabwera ndi thabwa lake losewerera pa mafunde kuti ndimukonzere, ndimayamba ndi kuika mlomo pabala n'kuyamwa. Ena amadabwa, ena amaseka, koma pa ntchito imeneyi palibe chida choposa lilime. Mukamveka mchere ndiye kuti madzi alowa mkati, ndipo sindithirapo mankhwala aliwonse mpaka thabwalo litauma. Ndimakuza balalo ndi mpeni, ndimaimika thabwa pamthunzi bala litaloza pansi, basi. Mkangano wanga ndi makasitomala umakhala pomwepa. Iwo amakhala atamva kuti mafunde abwino abwera Loweruka, ine ndikuwauza kuti adikire sabata yathunthu. Ukatsekera madzi mkati, thabwa limalemera, limachita chikasu, ndipo pakapita miyezi khungu lake limayamba kusupuka. Pamenepo mwini wake sakumbukira kuti ankakufulumizitsa, amangoti mmisiri uja ndi wachabe.

Ndimagwira ntchitoyi ku Muizenberg, m'mphepete mwa False Bay, kummwera kwa mzinda wa Cape Town. Kwathu ndi ku Mangochi. Ndinabwera kuno monga amabwerera anzanga ambiri, kusesa mabwalo ndi kudulira maluwa m'nyumba za anthu, mpaka mkulu wina wokonza matabwa amenewa atafuna mnyamata womupalira ndi sandipepa. Ntchito yopala ndi imene aliyense amathawa, choncho ndi khomo limene mlendo amalowerapo.

Mtengo ulimo mu thabwa limeneli ndi kamzere kamodzi kopyapyala kodutsa pakati, kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Kwina konseko ndi fomu yopepuka, yokutidwa ndi nsalu ya faibagalasi imene amainyowetsa ndi rezini kuti iume gwa. Khungu limenelo ndi lopyapyala kwambiri, moti ngakhale chitseko cha galimoto chimaliboola. Matabwa alipo a mitundu iwiri, ndipo wophunzira ntchito ayenera kuisiyanitsa asanagwire botolo lililonse. Akale ndi a fomu ya polyurethane, amene amayendera rezini wa polyester. Enawa ndi a fomu ya timibulu toyera, yomwe ija amatetezera nayo wailesi mu katoni, ndipo amafuna rezini wa epoxy. Ukalakwitsa n'kuthira polyester pa fomu ya timibulu, imasungunuka ukuona, bala la ngati chala n'kusanduka dzenje lolowa chibakera. Epoxy alibe nkhanza zotero, amagwira pa mitundu yonse iwiri, koma amachedwa kuuma ndipo safuna kuyeza kwa m'maso.

Thabwa likauma ndimachotsa phula lonse lozungulira bala, phula lija amapaka kuti mapazi asaterereke, chifukwa rezini sagwira pamafuta. Ndimadula nsalu yonse yosweka mpaka nditafika pamene khungu lagwirana bwino ndi fomu. Dzenjelo ndimalidzaza ndi phala la rezini wosakaniza ndi ufa woyera wopepuka umene timautcha Q-cell. Likakhala lalikulu ndimasema kachidutswa ka fomu n'kukalowetsa. Polyester amauma ukamudonthezera mankhwala oumitsa, madontho owerengeka chabe, pafupifupi gawo limodzi kapena awiri pa 100. Kukatentha mu Januwale umachepetsa, apo ayi amakuumira mu kapu usanafike naye pa thabwa, kapuyo n'kutentha yosagwirika. Mu Julaye, mvula ya kuno ili pachimake, amatha kukhala wonyata tsiku lonse. Kenaka pamabwera zigamba ziwiri za nsalu, chaching'ono pansi, chokulirapo pamwamba, ndipo nsalu yoyera ija ikamwa rezini imaoneka ngati yasowa.

Chotsala ndi kupala, ndipo luso lonse lagona pamenepa. Ndimayamba ndi sandipepa wa 80, kupita pa 120, pa 220, kumalizira ndi wa 400 wonyowetsa ndi madzi. M'mbali mwa thabwa, mmene mumagwira funde munthu akamakhota, makina sindiwakhulupirira. Ndimapala ndi dzanja, kenaka ndimatsinzina n'kuyendetsa chikhatho kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Maso amanama chifukwa cha kuwala, koma chikhatho chimamva kachitunda kakang'ono ngati njere ya mchenga. Fumbi lake ndiye loipa. Limalowa m'khungu, usiku n'kumangodzikanda m'mikono, ndipo amene amapala osavala chophimba mphuno akudzikumbira manda. Posamba ndimayamba ndi madzi ozizira, otentha amangowonjezera kuyabwa.

Patapita zaka ndinazindikira kuti bala lililonse limanena gombe limene lachokera, ndipo nthawi zambiri sindifunsanso. Mabala a pa Muizenberg pompano ndi a anthu okhaokha. Pansi pake ndi mchenga wotsetsereka pang'onopang'ono, mafunde amasweka mofatsa n'kuyenda mtunda wautali, moti ndi pamene anthu ochuluka a mu Cape Town amaphunzirira kuimirira pa thabwa. Ngakhale mlembi uja Agatha Christie anasewerapo pa mafunde a pano mu 1922, atagona chafufumimba pa thabwa. Ndiye taganizani Loweruka m'mawa pa Surfers' Corner, patsogolo pa tinyumba tosinthiramo zovala tija topakidwa utoto wamawangamawanga: ophunzira mazana, aliyense akuyang'ana mapazi ake, palibe woyang'ana kutsogolo. Zimene zimandifika ndi mphuno zophwanyika ndi mizere yakuya yodulidwa ndi chipsepse cha thabwa la mnzake. Sukulu zophunzitsa masewerawa zinachita bwino kusankha matabwa ofewa pamwamba. Zinandichepetsera ntchito, koma zinachepetsanso anthu osokedwa pamphumi.

Mphepo ndiyo imagawa ntchito yanga m'chaka. M'nyengo yozizira imachokera kumpoto chakumadzulo, kutsika phiri kulowa m'nyanja, ndipo imasalaza mafunde a Muizenberg n'kuwaimika bwino. Kuyambira cha mu Novembala kumaomba mwera wa kuno, wochokera kummwera chakum'mawa, umene umavundula False Bay yonse n'kumwaza mchenga m'maso. Odziwa amadumphira kuseri kwa phiri, ku Noordhoek ndi ku Llandudno, kumene mphepo yomweyo imakometsa mafunde. Kumeneko madzi ndi oyera mbee koma ozizira kolasa mafupa, makamaka m'chilimwe momwemo, chifukwa mphepoyo imakankha madzi a pamwamba n'kutulutsa ozizira a pansi. Mafunde akenso sachita nthabwala, amagwa mwakamodzi pamadzi osaya. Thabwa lochokera uko limabwera litathyoka pakati, zidutswa ziwiri zitangogwirana ndi nsalu. Ndimalilumikiza, kuliwongola ndi timatabwa ndi zomangira, kulikulunga nsalu kuzungulira, koma ndimamuuziratu mwini wake kuti lilemerako ndipo silidzamvekanso kumapazi monga kale. A ku Dungeons, kunja kwa Hout Bay, kumene mafunde amatalika kuposa nyumba yosanja, sabwera kawirikawiri. Matabwa awo ndi aatali, osongoka, a nsalu yochindikala, ndipo eni ake salankhula zambiri.

Mu Julaye ndi Ogasiti ndimalandira matabwa okalika kumimba ndi zipsepse zozuka. Amenewo achokera ku Jeffreys Bay, ku Eastern Cape, kufupi ndi Gqeberha. Funde la kumeneko lotchedwa Supertubes limasweka motsatira mzere wa miyala, kuthamangira kudzanja lamanja kwa mamita mazanamazana, ndipo anthu amachokera ku Australia ndi ku Brazil kudzalikwera. Vuto lili polowa ndi potuluka. Pali kampata pakati pa miyala, ndipo mlendo wosadziwa kuwerenga mafunde amakankhidwira pamiyala yodzala nkhono zakuthwa. Komabe sindinaonepo munthu wobwera ndi bala la ku Jeffreys Bay ali wokwiya. Amalongosola za ma dolphin amene amakwera funde limodzi ndi anthu, ine ndikuyeza dzenje.

Funso limene mlendo aliyense amafunsa akalowa mu shedi yanga ndi lakuti ndinakonzapo thabwa lolumidwa ndi shaki. Ayi, ndipo lotero mwini wake sakonzetsa, amalipachika pakhoma. Koma funsolo si lopusa. Ambiri anaonera pa TV mu Julaye 2015 pamene shaki inafika pa Mick Fanning wa ku Australia ali mu mpikisano womaliza ku Jeffreys Bay, iye n'kupulumuka wopanda bala. Kuno ku Muizenberg kuli bungwe la Shark Spotters, limene linayamba mu 2004. Munthu amakhala pamwamba paphiri, m'mbali mwa msewu wa Boyes Drive, tsiku lonse maso ali pamadzi, mnzake ali pagombe ndi mbendera. Yobiriwira ndiye kuti madzi akuoneka bwino ndipo palibe chaoneka. Yakuda ndiye kuti madzi ndi ovunduka, wa paphiri sakuona pansi. Yofiira ikuti khalani tcheru. Ikakwera yoyera, sairini n'kulira, aliyense amatuluka. Yakuda ndi imene imauluka masiku ambiri, ndipo anthu amalowabe.

Shaki zoyera zikuluzikulu zinkadzaza False Bay chifukwa cha ma seal zikwizikwi a pa Seal Island, koma kuyambira cha mu 2017 zinayamba kusowa. Ambiri amaloza chala ma orca awiri otchedwa Port ndi Starboard, a zipsepse zopindika, amene amang'amba shaki n'kudya chiwindi chokha. Ena mwa akatswiri amati usodzi wa mbedza zambirimbiri unathanso nsomba zimene shakizo zimadya. Sairini imalirabe, makamaka chifukwa cha mtundu wina wa shaki wotchedwa bronze whaler.

Pali bala lina limene silichokera m'madzi, ndipo limandipsetsa mtima kuposa onse. Munthu wasewera ola limodzi, wakhuta, wasiya thabwa pamchenga kapena m'galimoto yotseka mawindo, wapita kukamwa khofi. Dzuwa la Disembala limatenthetsa mpweya uli mu fomu, khungu n'kufufuma chithuza chachikulu ngati mbale. Kukonza kwake n'kudula khungu lonselo n'kuyala lina. Awa ndi anthu amene kwenikweni anabwera kudzapuma, thabwa linali chongonyamula, ndipo ndimawauza mwaulemu kuti pa St James, siteshoni imodzi ya sitima kuchokera pano, pali dziwe lomangidwa ndi khoma m'mphepete mwa nyanja, limene mafunde amalidzaza okha. Pamenepo munthu amasamba mtima uli m'malo, ana akutola zigoba m'miyala.

Abale akwathu okhala ku Capricorn ndi ku Masiphumelele amandifunsa kopita ndi ana pa Khirisimasi. Ambiri a ife tinakulira kunyanja ndipo timadzitama kuti timasambira, koma ndimawachenjeza: "Achimwene, iyi si nyanja ya kwathu." Kuno kuli mikwasa ya madzi yobwerera mkati, imene imaoneka ngati malo abata pakati pa mafunde, ndipo ndi pomwe wosadziwa amasankha kulowera. Sambirani pakati pa mbendera za chikasu ndi zofiira, pamene pali opulumutsa anthu. Ikakukokani musalimbane nayo molunjika kumtunda, sambirani chopingasa mpaka mutatulukamo. Magombe amenewa makolo a anzathu akuda a kuno sankaloledwa kupondapo m'nthawi ya tsankho, ndipo lamulo la tsankho pa malo a anthu onse linathetsedwa mu 1990; masiku ano pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale pamakhala posaponda phazi.

Wofuna kuona zamoyo ndimamutumiza pa sitima yomweyo mpaka kumathero, ku Simon's Town. Kuchokera pa siteshoni pali kamtunda koyenda pansi kukafika ku Boulders, kumene ma penguin anayamba kuswana mu 1982, poyamba mabanja awiri okha. Polowa pamalipiridwa, chifukwa ndi gawo la Table Mountain National Park, ndipo pali timilatho ta matabwa toyendapo kuti anthu asaponde zisa. Mbalamezi zimalira ngati bulu, zimanunkha nsomba, ndipo mlomo wake umacheka chala, choncho ana agwireni padzanja. Mu 2024 zinaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, makamaka chifukwa tinsomba ta sardine ndi anchovy timene zimadya tachepa m'nyanja. Munthu wa ku Mangochi amene waona mmene chambo chasowera safuna kumufotokozera kawiri. Anamgumi ndiye aulere. Kuyambira Juni mpaka Novembala amalowa mu False Bay ndi ana awo, ndipo ukaima pa Boyes Drive pamwamba pa Kalk Bay umawaona akupemerera madzi m'mwamba, nthawi zina pafupi kwambiri moti m'mawa kuli zii umamva kupuma kwawo. Wokhala ndi ya thiransipoti apitirire mpaka ku Hermanus, kumene kuli munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga la udzu wa m'nyanja akaona namgumi.

Si thabwa lililonse limene ndimalandira. Lina limabwera litamatidwa tepi zaka zambiri, mabowo atatsekedwa ndi phula, fomu itafewa ngati nsima ya dzulo yoviikidwa m'madzi. Ndikalinyamula dzanja limandiuza kale. Ndikadina ndi chala chachikulu pafupi ndi mchira, madzi a bulauni amatuluka pa bowo lina kumphuno. Mwini wake amati linali la bambo ake, ndichite chilichonse chotheka, ndalama si vuto. Ndimamuuza kuti ndikhoza kulitseka, kulipala ndi kulipukuta kuti liwale, alipachike pabalaza, koma m'madzi lisalowenso, chifukwa lidzathyoka pa funde loyamba lamphamvu iye ali patali ndi gombe. Ena amavomera. Ena amalinyamula kupita nalo kwa mmisiri wina ku Kommetjie, ndipo ndimawathandiza kulimangirira padenga la galimoto, zipsepse zitaloza kumwamba.