Sola ya kumudzi: tiyambe tapeza mmisiri, katundu abwere pambuyo

Abale anga a ku Mua, Golomoti, Mtakataka ndi midzi yonse ya kwa Kachindamoto, amene muli kumudzi komanso anzanga amene tili kuno ku South Africa, ndalemba motalika, mundikhululukire, koma nkhaniyi ikutidyera ndalama za thukuta. Pafupifupi aliyense amene akumanga nyumba kumudzi akufuna kuikamo sola, ndipo ambiri tikuyambira kumchira. Tikugula mapanelo, mabatire ndi inveta kuno, kupatsira a mathiransipoti, ndipo katundu akafika m'pamene tikufunsa ngati alipo mnyamata wodziwa zamagetsi pafupi. Ine ndimagwira ntchito ndi gulu loika sola ku Cape Town. Ndine wothandizira chabe, wonyamula mapanelo ndi kukoka mawaya, koma maso ndili nawo.

Kuno ntchitoyi inakula kwambiri mu 2022 ndi 2023, pamene Eskom inkathimitsa magetsi maola ambiri tsiku lililonse. Munthu akatiitana, tsiku loyamba sitinyamula panelo ngakhale imodzi. Abwana amakhala pansi ndi mwini nyumba n'kumufunsa zimene akufuna kuyatsa: mababu angati, firiji yaikulu bwanji, TV maola angati. Akatero amakwera kudenga kukaona ngati mitanda ili yolimba, dzuwa likudutsa mbali iti, mtengo uti ukuponya mthunzi. Zonsezi zikawerengedwa m'pamene amalemba mtengo wake, chinthu chilichonse pamzere wake, dzina lake, kukula kwake ndi zaka za chitsimikizo chake. Ntchito ikatha, wamagetsi wolembetsedwa ku boma amayeza zonse n'kusayina chikalata chimene amachitcha CoC. Pachikalatapo pamakhala dzina lake ndi nambala yake, ndipo nyumba ikapsa a inshuwalansi amayamba afunsa chimenecho. Khonsolo ya mzinda wa Cape Town imafunanso kuti sola ya pakhomo ilembetsedwe.

Musaganize kuti kuno kulibe akathyali. Mu 2023 aliyense wokhala ndi bakkie ndi makwerero anasanduka katswiri wa sola, ndipo ife takonzapo nyumba zambiri zimene anaziwononga anthu otero. Kusiyana kwake n'kwakuti wogula wa kuno amadziwa kuti sakulipira zitsulo zokha. Akulipiranso dzina la munthu amene adzayankhe zinthu zikadzavuta.

Kwathu dzuwa silisowa, ndipo sola si yachilendo. Pa Golomoti pomwepo pali malo aakulu a mapanelo a JCM Power ndi InfraCo Africa, opanga mamegawati 20, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Chaka chomwecho namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko lonse n'kulowa mumdima wa kuthimathima, ndipo anthu anaona okha kuti kudalira mtsinje wa Shire wokha sikukwanira. Ku Nanjoka ku Salima kuli malo ena a mapanelo a mamegawati 60. Ku Mthembanji, m'boma lathu lomwe la Dedza, mudzi ukuyatsa magetsi a sola a pamodzi kuyambira 2020. Komatu magetsi a pa Golomoti amalowa m'mawaya a ESCOM n'kupita kutali. Nyumba ya amayi anu imene ili kutali ndi mapolo iyenera kudzionera yokha, ndipo apa m'pamene mmisiri amakhala chilichonse.

Chimene ambiri a ife sitiganizira ndi kutentha. Kwathu kuchigwa si ku Dedza boma kumene anthu amafunda bulangete. Mu Okutobala ndi Novembala malata amawotcha moti sungaikepo dzanja. Panelo imafuna kuwala, osati kutentha. Mawati olembedwa kumbuyo kwake anayezedwa pa madigiri 25, ndipo ikatentha kupitirira apo mphamvu yake imatsika. Ndiye mmisiri akaigoneka pamalata penipeni n'kuimanga ndi waya, popanda mpata woti mphepo izidutsa pansi, wakuberani magetsi tsiku lililonse. Iyenera kukhala pa zitsulo zake, itapendekeka pang'ono, madigiri ngati 15, kuyang'ana kumpoto chifukwa ife tili kumwera kwa dziko lapansi. Kupendekekako kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Ndipo nthambi imodzi ya mango ikaphimba ngodya ya panelo, mphamvu imagwa kwambiri kuposa momwe mthunziwo ukuonekera.

Batire ndilo limavutika koposa. Batire la asidi likamakhala malo otentha limakalamba msanga. Kutentha kukakwera ndi madigiri ngati 10, moyo wake umatsika pafupifupi ndi theka. Nditapita kwathu ndinakaona kwa azakhali anga, kumene mwana wawo wa ku Johannesburg anatumiza ndalama zambiri. Ndinapeza batire la galimoto lili m'kachipinda kopanda zenera, pafupi ndi matumba a mpunga. Panalibe fyuzi, ndipo reguleta anaichotsa, ati inkachedwetsa kutchaja. Azakhali anandiuza kuti, “Mwanawe, ikangokwana 8 koloko usiku magetsi athawa.” Zinandiwawa, chifukwa mayi wachikulire ankadziimba mlandu kuti mwina ndiye sakudziwa kugwiritsa ntchito. Batire la galimoto analipangira kulizira injini kwa kamphindi, osati kuyatsa nyumba usiku wonse. La sola lenileni nalonso, ngati ndi la asidi, silifuna kutsitsidwa kupitirira theka. La lithiamu limapirira ndipo limakhalitsa, koma ndi lokwera mtengo, ndipo limafuna reguleta ndi inveta zogwirizana nalo.

Za mawaya ndinene pang'ono, chifukwa apa m'pamene pamayambira moto. Chinthu chodya mawati 600 pa magetsi a ESCOM a 230V chimakoka maampu osafika atatu. Chomwecho pa batire la 12V chimakoka maampu 50. N'chifukwa chake waya wochoka ku batire kupita ku inveta uyenera kukhala wonenepa, waufupi, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batire. Waya wa sipika umene ndimauona m'nyumba zambiri umatentha, kusungunuka, n'kuyatsa denga. Onjezanipo mphenzi za m'dzinja kwathu kuchigwa kuja. Mmisiri amene sakunenapo za chitsulo chokhomera pansi musamukhulupirire.

Tsono pali chinthu chimene kwathu timaposa kuno, ndipo ndikufuna tichigwiritsitse. Kuno woika sola akakulakwira amasintha nambala ya foni, basi wasowa mumzinda wa anthu mamiliyoni. Kwathu mmisiri wa pa Mtakataka sangathawe. Amayi ake mumawadziwa, mumakumana naye kutchalitchi, kumsika ndi pamaliro. Reguleta ikayaka nyali yofiira Loweruka madzulo, iye afika pa njinga m'mawa mwake, pamene wa ku Lilongwe afuna mumutumizire ya mafuta kuti atsike Khwekhwerere. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Vuto n'lakuti kudziwana komweko kumatichititsa manyazi. Timati ndi mwana wa a ujeni, tingamulembetse bwanji pepala ngati sitikumukhulupirira? Pamapeto pake ntchito ikalakwika mabanja awiri amadana, pamene pepala limodzi likanasunga ubalewo.

Ndinenenso mosabisa kuti ife a ku Joni timawapondereza amisiri a kwathu. Timatulutsa ndalama zambiri pogula inveta yonyezimira, koma mmisiri akatchula mtengo wa ntchito yake timanenerera mpaka atsale ndi ya sopo. Munthu wolipidwa chonchi adzabwezera pa waya wotchipa, ndipo sadzabweranso kudzaona ngati zikuyenda. Kuno mzungu salimbana ndi mtengo wa manja a wamagetsi, amalimbana ndi ubwino wa ntchito yake.

Malamulo kwathu alipo. MERA imapereka ziphaso kwa oika magetsi m'nyumba komanso kwa ogulitsa ndi oika zipangizo za sola, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndiwo amaona za ubwino wa katundu. Kufunsa chiphaso si chipongwe. Ngati mnyamata wa m'mudzi mwanu ali ndi luso, mwina anaphunzira kudzera ku TEVETA, koma chiphaso cha MERA alibe, itanani wachiphaso kuchokera ku Dedza, Salima kapena Lilongwe kuti awerengere, ayang'anire ndi kuyeza ntchitoyo, mnyamatayo akugwira naye limodzi. Mukatero mwapeza zonse ziwiri, dzina loyankha mlandu ndi munthu wapafupi wodziwa pamene waya uliwonse wadutsa. Mawaya a m'nyumba aikidwe mwa muyezo, kuti MAREP ikadzafikitsa mapolo musadzagumule khoma. Ndipo ngati ESCOM ilipo kale, inveta isalumikizidwe mwachisawawa, chifukwa magetsi obwerera m'mawaya atha kupha munthu amene akukonza pa polo.

Pangano lilembedwe m'Chichewa, ngakhale m'kope la ana asukulu. Mulembe katundu yense ndi kukula kwake, mtengo wa manja, tsiku lomaliza ntchito, ndi miyezi imene mmisiri adzakonze mwaulere. Mulembenso kuti mtengowo ugwira ntchito mpaka liti, pakuti tonse tikukumbuka Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti zinthu n'kukwera usiku umodzi. Pakhale mboni, a nyakwawa kapena mkulu wa mpingo, ndipo pepalalo akujambulireni pa WhatsApp. Ndalama musatumize zonse kamodzi pa Mukuru. Ya katundu ipite risiti ikaoneka, ya manja mugawe, ina itsale mpaka sola itadutsa masiku a mitambo osazima. Katundu wolemera ngati batire ndi bwino kugula kwathu komweko kwa wogulitsa wachiphaso, chifukwa likafa patatha miyezi itatu palibe amene adzalinyamule kudutsa Mozambique ndi Zimbabwe kukalibweza kusitolo ya ku Johannesburg.

Mmisiri asachoke asanaphunzitse amene amagona m'nyumbamo. Nthawi zambiri amakhala amayi kapena agogo ndi adzukulu, osati ife amene tatumiza ndalama. Awaonetse tanthauzo la nyali za pa reguleta, pozimitsira zonse pakagwa ngozi, ndi kupukuta mapanelo m'mawa asanatenthe. Awauze momveka kuti ayironi, ketulo ndi mbaula ya magetsi si za sola yaing'ono, ngakhale mlendo atachonderera bwanji.

Inu amisiri a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka amene mukuwerenga, tiuzeni ngati muli ndi chiphaso, ndipo muonetse ntchito zimene munagwira zoti anthu akhoza kukaziona ndi maso. Tchulani mtengo weniweni wa manja anu, ife tilipira. Ndipo achimwene ndi achemwali amene mukukonzekera kutumiza katundu Disembala ikubwerayi, dikirani kaye. Mmisiri ayambe wakwera padenga la amayi, awerengere, alembe, kenako mugule.