Kope la Amayi ndi Miyala ya Louis Robert

Anzanga, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya mzungu wa ku France amene anamwalira ine ndisanabadwe. Musathawe ayi. Ndikudziwa kuti mukudabwa kuti wogulitsa usipa ndi miyala ya Agiriki zakumana pati. Ndiyambe ndi manyazi anga, mumvetsa.

Amayi atatisiya chaka chatha, benchi lawo mumsika ndinalitenga ndine, pamodzi ndi kope lawo la ngongole. Kopelo linanyowapo ndi mvula, moti masamba ena inki inayenderera. Patsamba lina pankaoneka bwinobwino K18,000, koma dzina linangotsala "Mai a Chi", kwinako banga lokhalokha. Mwaphuma ndinati awa ndi Mai a Chisomo, ogulitsa tomato pafupi nane. Ndinawapitira anthu akuona. Atakana, ine n'kukweza mawu. Iwo anangoti, "Mwanawe, amako ndadya nawo mbale imodzi zaka zonsezi, ndiye ndiwabere ali m'manda?" Moni unathera pomwepo.

Mng'ono wanga wa ku koleji ataona tsambalo anaseka. Akuti, "Achemwali, kunjaku kuli anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi, kuwerenga mawu oduka." Ananditumizira zowerenga pafoni, ndipo masana kukakhala zii mumsika ndinkawerenga pang'onopang'ono, Chizungu cha Fomu 4 chikundithandiza apo ndi apo. Ndi mmene ndinamudziwira Louis Robert.

Anabadwa mu 1904 ku Laurière, kamudzi ka m'chigawo cha Haute-Vienne. Anaphunzira ku École normale supérieure ku Paris, ndipo mu 1927 anapita kusukulu ya Afalansa yofufuza zakale ku Athens. Chifuwa chachikulu chinamugwira akadali mnyamata, koma anachira. Mu 1939, ali ndi zaka 35 zokha, anamupatsa mpando wa uphunzitsi ku Collège de France, ndipo anakhalapo mpaka 1974. Anamwalira ku Paris mu 1985.

Ntchito yake inali iyi. Agiriki akale ankasema pamiyala chilichonse chimene sankafuna kuti chiiwalike: malamulo a mzinda, mapangano, mawu a pamanda, mayina a opambana mipikisano. Ngakhale oyang'anira misika, amene ankaona ngati miyeso ili yachilungamo, ena ankawasemera mawu owathokoza. (Apa ndinaima kaye n'kuyang'ana wodula matikiti wathu. Mwala wake sindikuuona.) Koma patapita zaka 2,000, miyalayo imapezeka yosweka, ina anthu anamangira nyumba, ina theka linasowa. Wowerenga amaika pepala lonyowa pamwalapo n'kumalimenya ndi burashi kuti zilembo zidindike, kenaka amayesa kubwezera zimene zinasowa. Zilembo zobwezerazo amaziika m'mabulaketi, kuti aliyense adziwe kuti izi sizili pamwala, ndi maganizo a munthu.

Apa ndi pamene bamboyu anandigwira mtima. Iye sankalola kuti munthu adzaze mpatawo ndi mawu oti angomukomera. Ukafuna kubwezera liwu, sonyeza miyala ina ya mtundu womwewo pamene mawuwo analembedwa athunthu. Udziwenso dera limene mwalawo unachokera, ndalama zachitsulo za mzindawo, mayina amene anthu akumeneko ankapatsana. N'chifukwa chake sanangokhala mu ofesi ku Paris. Anayendayenda m'midzi ya ku Turkey, anakumba ku Amyzon, ndipo kuyambira 1950 mpaka 1961 anatsogolera ntchito yokumba ku Claros, kukachisi wa Apollo, kumene mizinda yakutali inkatumiza nthumwi kukaombeza n'kusiya mayina awo pamiyala.

M'buku lake la mu 1940 lonena za anthu omenyana ndi malupanga m'mabwalo, anasonyeza kuti Agiriki a kum'mawa ankawakonda masewera amagaziwo. Ophunzira ambiri ankafuna kukhulupirira kuti zimenezo zinali za Aroma okha, Agiriki anali aulemu. Miyala inakana.

Ndipo musaiwale mkazi wake, Jeanne. Ankayenda limodzi, kukumba limodzi, kulemba limodzi. Kuyambira 1938 mpaka 1984, chaka ndi chaka ankatulutsa Bulletin épigraphique, momwe ankaunika zimene ena alemba pa miyala ya Chigiriki. Ukalakwitsa, ankakudzudzula dziko lonse likuwerenga, ndipo Louis anatchuka ndi cholembera chowawa. Kunena zoona, mbali imeneyi sindiikonda kwenikweni. Ndikudziwa mmene zimawawira kuchititsidwa manyazi pagulu, poti ineyo ndinachitira munthu zomwezo. Kusiyana kwake n'koti iye ankadzudzula atawerenga kaye miyala yambirimbiri, ine ndinadzudzula nditaona tsamba limodzi.

Ndiye usiku wina ndinakhala pansi ndi kope lija, tochi ya foni m'manja, kuyambira tsamba loyamba. Mukudziwa chimene ndinapeza? Amayi sankawalemba Mai a Chisomo ndi dzina la mwana. Paliponse ankalemba "aNaphiri", ndipo ngongole zawo zonse zinali zokhwatcha, kusonyeza kuti anabweza. Koma a "Mai a Chi" ndinapezamo atatu: a Chikondi, a Chifundo ndi a Chimwemwe. Banga lija nalonso ndi lalitali, loti zilembo zinayi za "somo" sizingalidzaze. Mwina ndi a Chimwemwe. Mwina. Iwowo anasamukira ku Mzuzu kalekale, ndipo sindingawaimbire foni chifukwa cha kutalika kwa banga.

Kutacha ndinapima usipa wa mbale yaikulu n'kupita nawo pabenchi la aNaphiri, nthawi imene msika unali utadzaza, poti ndinawanyozanso anthu akuona. Ndinagwada n'kunena kuti, "Amayi, ndinakulakwirani." Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha. Usipa analandira, koma anati za moni tiona mawa, mtima si chitseko choti ungokankha. Padutsa masabata atatu. Dzulo anandisungira benchi nditapita kokapikula.

Tsamba lija ndinalikopera m'kope latsopano. Ndinalemba "Mai a Chi[          ] K18,000", m'katimo osaikamo kanthu.