Tinakapeza Mpweya Wabwino Pamwamba pa Migodi Yakale

Kwa zaka zisanu tsopano takhala tikutumikira mongodzipereka mu dipatimenti ya za umoyo pa mpingo wathu waung'ono kuno ku Gloucestershire, ku England. Kamodzi pa miyezi itatu timayala tebulo m'holo, n'kumayeza anthu BP ndi sikelo, ndiponso kuwakumbutsa za madzi akumwa, tulo ndi masewera olimbitsa thupi. Tsiku lina anthu onse atapita, tinati tiyezanenso tokha tisanalongedze makina. Bambo a kunyumba kwathu anapereka mkono akuseka. Makina anaonetsa 162/101. Tinabwereza patapita mphindi zisanu, tinabwerezanso m'mawa mwake kunyumba, koma manambala sanatsike kwenikweni. Pajatu ife timauza anzathu kuti zikafika pa 140/90 apite akaonane ndi dokotala.

Sitinadabwe kwambiri, ngakhale manyazi anatigwira. Tonse awiri timagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Tikaweruka timagona, tikadzuka timadya, kenako galimoto, kenako ntchito. M'nyengo yozizira kunja kumada 4 koloko madzulo. Ana athu awiri nawonso anali atazolowera kukhala m'chipinda, maso pa foni. Tinkaphunzitsa anthu zimene bungwe la World Health Organization limalangiza, kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, pamene ifeyo ngakhale 30 sizinkakwana.

Dokotala anapereka mankhwala, koma anawonjezera kuti thupi liyambe kuyenda. Kuthamanga kunakanika chifukwa cha mawondo, ndipo ku jimu tinalipira miyezi iwiri n'kupitako katatu kokha. Amene anatitsina khutu ndi mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu, wobadwira konkuno. Iwo anati: "Inu mumakhala pafupi ndi Forest of Dean, bwanji osakapalasa njinga kumeneko?"

Forest of Dean ndi nkhalango yaikulu ya zitunda ndi zigwa, pakati pa mitsinje ya Severn ndi Wye, kufupi ndi malire a Wales. Munthu akaiona lero sangaganize kuti kale kunali utsi ndi phokoso la migodi. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankakumbako chitsulo, miyala ndi malasha. Mgodi waukulu womaliza, wa Northern United, unatsekedwa mu December 1965. Komabe mwambo wa anthu otchedwa Freeminers ulipobe. Malinga ndi lamulo la mu 1838, munthu wobadwira m'dera la Hundred of St Briavels, wa zaka 21 kapena kuposerapo, amene wagwira ntchito mu mgodi wa m'deralo kwa chaka chimodzi ndi tsiku limodzi, angathe kulembetsa kuti azikumba payekha. Timigodi ting'onoting'ono totere tikadalipo mpaka lero.

Migodi itatsekedwa, njanji zimene zinkanyamula malasha zinazulidwa, koma njira zake zinatsala. Zina mwa izo n'zimene lero zasanduka njira za njinga. Malo amene anthu ambiri amayambira kupalasa ali ku Cannop, pamene panali mgodi wa Cannop Colliery umene unatsekedwa mu 1960. Pamenepo pali pobwereka njinga ndi zipewa zoteteza mutu, choncho munthu safunika kugula yake tsiku loyamba.

Tinapita Lamlungu m'mawa. Pa chikwangwani tinaona kuti njira amazisiyanitsa ndi mitundu: yobiriwira ndi ya aliyense, ya buluu ndi ya amene anazolowerako, yofiira ndi yovuta, ndipo yakuda ndi ya akatswiri. Mnyamata wobwereketsa njinga anafuna kutifotokozera zambiri, koma bambo anamudula mwaulemu. Potuluka anatiuza kuti: "Mayi, ine ndakula ndi njinga. Ndinkanyamula matumba awiri a chimanga pakaliyala kupita kuchigayo. Izi n'zocheza." Ifenso tinavomereza, pokumbukira mmene tinkapalasira kupita kusekondale, mvula ndi dzuwa lomwe. Ana tinawasiya ndi banja lina pa njira yobiriwira, ife tinalowa yofiira, yotchedwa Freeminers.

Safunsa anadya phula. Njirayi ndi yopapatiza, yodzaza mizu ndi miyala, ndipo usiku wake kunagwa mvula. Pa chikweza choyamba sitinadziwe kusintha magiya nthawi yabwino, moti tinatsika n'kumakankha, mtima ukugunda ngati ng'oma. Pa matsitso m'pamene zinavuta. Njinga za kwathu zija mabuleki ake umachita kufinya ndi mphamvu zonse, nthawi zina n'kuthandizira ndi phazi. Za m'mapirizi mabuleki ake amagwira ndi chala chimodzi. Tayala litaterereka pa muzu, bambo anafinya buleki yakutsogolo ndi dzanja lonse, njinga inaima nji, iwo n'kuuluka kudutsa pa mahandulo. Chipewa chinang'aluka, phewa linatupa, koma mutu unapulumuka. Tinabwerera wapansi, tikukoka njinga ziwiri, osalankhulana.

Milungu itatu phewa likupola, nkhani ya njinga inali yoletsedwa pakhomo. Amene anaiyambitsanso ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 12, amene anati njira imene iwo anadutsa inali yokoma, ndipo anaona nkhosa zikungoyendayenda m'nkhalango popanda m'busa. Tinabwererako, ulendo uno modzichepetsa.

Njira ya banja, imene tsopano amaitcha Colliers Trail, ndi yozungulira pafupifupi makilomita 15. Mbali yaikulu imatsata m'mene munkadutsa njanji, n'chifukwa chake zikweza zake n'zapang'onopang'ono: sitima yodzaza malasha sikanatha kukwera malo otsetsereka kwambiri. Tinazindikira kuti zimene ankachitira sitima kalelo n'zimenenso zikuthandiza mtima wa munthu wa zaka za m'ma 40. Umapalasa mpaka kutuluka thukuta ndi kupuma mofulumirako, koma n'kumathabe kulankhula ndi mnzako. Umenewu ndiye mulingo umene timaphunzitsa anthu kuti ndi woyenera kwa oyamba kumene.

M'njiramo muli zikwangwani za mayina a masiteshoni ndi migodi yakale. Tinapatuka pa New Fancy, pamene pali chitunda choonerapo nkhalango yonse. Chitundacho si chachilengedwe. Ndi mulu wa zinyalala za mgodi umene unatsekedwa mu 1944. Chakumapeto tinapumira pa Cannop Ponds, maiwe amene anthu anatchinga m'zaka za m'ma 1820 kuti madzi ake aziyendetsa makina a fakitale yosungunula chitsulo ku Parkend. Lero pali abakha ndi mabanja akudya kamba wawo.

Tili pamwamba pa New Fancy, bambo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anayamba kukamba za agogo awo aamuna. Iwo anapita ku Joni pa Wenela, ndipo pobwera anabwera ndi zinthu ziwiri: njinga yakuda imene mudzi wonse unkabwereka, ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka imfa yawo. Fumbi la mu mgodi likalowa m'mapapo silituluka, kaya ndi la golide ku Johannesburg kapena la malasha kuno. Anthu amene ankalowa pansi pa nkhalango ino ankapuma fumbi kuti ana awo adye. Ife tinali pamwamba pa malo omwewo, tikupuma mpweya wa mitengo kwaulere, koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri tinali tisanabwereko n'kamodzi komwe. Mapapo abwino tinali nawo, chimene tinkasowa ndi kuwagwiritsa ntchito.

Kuyambira pamenepo timapita Lamlungu lililonse limene sitili pa ntchito, ndipo pakati pa mlungu timapalasa pafupi ndi kunyumba kawiri, mphindi 30 ulendo uliwonse. Tinagula njinga zakale zotsika mtengo. Patatha miyezi inayi tinayesa njira ya buluu ya Verderers, ya makilomita 11, ndipo tinaimaliza, ngakhale kuti malo awiri tinatsika n'kukankha popanda kuchita manyazi. Mabanja atatu a mumpingo tsopano amapita nafe.

Kwa amene mungafune kuyamba, tikupatsani zimene ife tinaphunzira mopweteka. Ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwafunsa dokotala, ndipo musasiye mankhwala chifukwa choti mwayamba kupalasa. Yambirani pa njira yosavuta ngakhale mutakhala kuti munakula ndi njinga. Valani chipewa ndipo mumange lamba wake. Chikang'aluka, gulani china. Yesani mabuleki pamalo afulati, muziwagwira onse awiri pang'onopang'ono, ndipo potsika kokerani thupi kumbuyo. Chishalo chikwere mpaka bondo lizingopindika pang'ono phazi likafika pansi pa pedulo, kuti mawondo asapweteke. Nyamulani madzi, zipatso kapena mtedza, pampu ndi chubu chapadera. M'nkhalangoyi muli nguluwe. Mukakumana nazo, makamaka zili ndi ana, musaziyandikire kapena kuzipatsa chakudya. Pobwera dziyang'aneni m'miyendo ngati mulibe nkhupakupa. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani nthawi yomweyo n'kufuna thandizo.

Mwezi wathawu tinayalanso tebulo lathu m'holo. Tisanayeze aliyense, bambo anayamba ndiwo kupereka mkono pamaso pa onse, ndipo makina anaonetsa 134/84. Mankhwala akumwabe monga anauzidwira. Njira yofiira ija sitinabwerereko, ndipo ana amati chaka chamawa adzatiperekeza. Chipewa chong'alukacho tinachipachika m'khonde, pafupi ndi makiyi a galimoto.