Usiku Umene Tinachezera Nsomba

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo kale ndinali kudzitama kwa anzanga kuti palibe nsomba imene ingandidabwitse. Chambo, kampango, usipa ndi mlamba ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Koma pa tchuthi cha mwezi wa August, 2023, amalume anga anandiitana ku Johannesburg, kumene ali kugwira nchito yosamala maluwa pa nyumba ya bwana wina, ndipo kudzitama kwangako kunathera komweko.

M'chipinda chochezeramo munali thanki yagalasi ya malita 1,000, yaitali kupambana bedi limene ndigonapo pano pa sukulu, ndipo pansi pake anayalapo mchenga wosalala. Poyamba ndinayesa mulibe kanthu. Mwadzidzidzi mchenga unagwedezeka, ndipo munatuluka chinthu chozungulira ngati lichero, chokhala ndi mawanga achikasu ozingidwa ndi mizere yakuda. Maso ake anali pamwamba, kamwa pansi, ndipo kumbuyo chinali kukoka mchira wautali. Ndinalumpha. Amalume anaseka nati, "Iwe mphwanga, mwana wa kunyanja n'kuthawa nsomba?"

Nsombayi Azungu amaitcha stingray, ndipo mtundu umenewu dzina lake ndi motoro. Kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ya Amazon ndi Paraná. Ilibe minga ya m'kati ngati chambo, pakuti mafupa ake ndi ofewa ngati khutu la munthu. Siikira mazira, imabala ana amoyo. Pa mchira iri ndi mbola yaululu imene imathothoka nthawi zina ndi kumeranso ina. Amalume anandiletsa kupisa dzanja m'madzimo, nandiuza kuti munthu akabayidwa aviike bala m'madzi otentha ndi kuthamangira ku chipatala. Munga wa mlamba, anatero, ndi masewera chabe.

Bwana anali pa ulendo wa milungu iwiri, tsono nsomba inatsala m'manja mwa amalume. Pa khoma panali pepala la malamulo: madzi akhale ofunda pa madigiri 26, pampu yosefa madzi ndi kulowetsa mpweya isaime, chakudya chikhale nyongolotsi ndi tizidutswa ta nsomba zaziwisi, kawiri pa tsiku, osapitirira muyeso.

Tsono mverani kupusa kwanga. Amayi anandipatsa kathumba ka usipa wouma kuti ndipereke kwa achimwene awo. Poona nsomba iri kufufuza mumchenga, ndinati iri ndi njala, ndipo ndinaganiza kuti mlendo wochokera kutali ayenera kulawa ndiwo za kwathu. Amalume ali kunja, ndinataya m'thankimo usipa wodzaza manja awiri. Nsomba inaununkhiza n'kuusiya. Usipawo unakakamira kuseri kwa miyala, ndipo ine sindinauze munthu.

Chaka chimenecho magetsi anali kuzimazima kwambiri m'dziko la South Africa. Usiku wachiwiri anazima nthawi ya 10 koloko, ndipo batire la pampu linangogwira mphindi zochepa n'kutha. Titaunika ndi tochi, tinapeza madzi achita mbuu, nsomba iri kupuma mofulumira pa mabowo awiri a kumbuyo kwa maso. Nsomba imeneyi imaipitsa madzi msanga, koma madzi oipa siwapirira konse. Amalume anaona usipa woola uli kuyandama. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mawu amene ananena anali ochepa: "Nsomba iyi ikafa, nchito yanga yatha. Nanga fizi yako idzachokera kuti?"

Ndikadakonda akadandimenya. Koma iwo anangondipatsa jagi, nati ndizitunga madzi a m'thankimo ndi kuwathiranso kuchokera pamwamba kuti mpweya ulowe. Iwo anavuula usipa ndi kaukonde ka chigwiriro chachitali, nachotsa ndowa khumi za madzi oipa. Madzi a pa mpopi sathira chisawawa, chifukwa muli klorini. Anayamba awadonthezera mankhwala, nawafunditsa ndi madzi a m'ketulo pa chitofu cha gasi, nayesa ndi chigongono monga achitira amayi posambitsa khanda. Mwezi wa August ku Joni kumazizira koopsa usiku, choncho tinavula mabulangete pa mabedi athu ndi kufunditsa thanki, ife eni n'kumanjenjemera.

Ndinathira jagi kufikira mapewa anachita dzanzi. Amalume anali kuunika m'mbali mwa nsomba kawirikawiri, pakuti anamva kuti m'mphepete mwa lichero mukayamba kupindikira m'mwamba ndiye kuti imfa yayandikira. Pakati pa usiku ndinaganiza za asodzi a kwathu amene achezera pa nyanja ndi nyali kuti aphe nsomba, pamene ife tinali kuchezera kuti imodzi yokha isafe, nsomba imene sitikadaidya n'komwe.

Magetsi anayaka nthawi ya 2 koloko. Pampu inalira, ndipo amalume anakhala pansi osanena kanthu. Tsiku lonse lotsatira nsomba inakana chakudya, koma m'mawa mwake inakwera pa galasi, nationetsa mimba yake yoyera, nilandira nyongolotsi zitatu.

Bwana atabwera anagogoda pa galasi, nati nsomba yake yanenepa. Amalume anavomera mwaulemu. Kwa amayi sananene kanthu za mlanduwu kufikira lero. Usipa wotsala m'kathumba tinaukazinga ndi matimati, ndipo ine ndiye ndinatsuka mbale.