Pulopela Inakana Kuchoka, Mulungu Anatumiza Munthu

Ndili ndi boti limodzi ndi ukonde umodzi wa chilimira pa doko la Sanga, pakati pa boma la Nkhata Bay ndi Chintheche. Boti limeneli limadyetsa banja langa ndi mabanja a alovi, asodzi ogwira ntchito m'botimo, pafupifupi 10, osawerengera amayi amene amagula usipa wathu n'kumayanika pa mathandala. Ndikulemba kuti ndiyamike Mulungu pa zimene anandichitira m'nyengo ya mwera ya 2024, chaka chimene nyanja inadzaza mpaka kumiza magombe.

Injini yathu ndi Yamaha Enduro 15, yogula kwa munthu. Usiku wina tikukoka ukonde pa mafunde, ulusi unakulungika kuseri kwa pulopela. Ulusi wa nayiloni ukazungulira pa shafuti umatentha, n'kudya kalabala kamene kamatseka oyilo m'giyabokosi. Palibe chimaoneka kunja. Madzi amangolowa pang'onopang'ono, oyilo n'kumatuluka. Tinadzazindikira injini itayamba kukukuta, kenaka inangolira yokha boti osayenda. Tinafika kumtunda ndi nkhafi dzuwa litakwera. Titamasula kabawuti kapansi, m'malo mwa oyilo munatuluka zotuwa ngati tiyi wamkaka, zosakanikirana ndi tizitsulo. Magiya anali ataphwanyika, chikhokhombe cha giyabokosi chitang'aluka.

Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa sipeya unali wosayandikirika. Mayi a kunyumba anakatenga ngongole ku banki mkhonde, ine n'kukapeza ku Mzuzu mwendo wina wa injini, chigawo chapansi momwe muli giyabokosi, wogwiritsidwa kale ntchito. Unali wabwino, koma wopanda pulopela. Sindinade nkhawa, poti yathu inali yamoyo, mapiko ake onse atatu osapindika. Kunali kungoichotsa uku n'kuiveka uko.

Apa ndi pamene mavuto anayambira. Tinawongola kapini, tinamasula nati, koma pulopela sinasunthe ngakhale pang'ono. Mkati mwake muli timano timene timalumana ndi timano ta shafuti, ndipo pamenepo pakakhala zaka popanda girizi, dzimbiri limazimanga pamodzi. Anyamata anakoka, anapotokola, anaika mphero zamatabwa, koma ayi ndithu. Wina anabwera ndi nyundo yaikulu. Wina anati tikolezere makala tiiotche. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndalama zonse zinali zitathera ku Mzuzu, ndipo pulopela ikanasweka, mwendo watsopanowo ukanangokhala m'nyumba ngongole ikuswana. Mwezi unali kutha kuwala, mdima ukuyandikira, nthawi imene usipa umabwera ku nyali za asodzi. Anzathu anali kusoka maukonde, ife tili pansi pa mtengo kuyang'ana chitsulo. Alovi awiri anapita kukakwera boti lina, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ana awo amafuna kondowole ngati anga.

Usiku umenewo tinagwada ndi mkazi wanga. Sindinapemphe zambiri. Ndinangoti, Ambuye, mukudziwa pakamwa pamene pakudikira boti ili.

M'mawa kunadutsa mkulu wina wa m'mudzi wapafupi, amene anagwira ntchito ya umakaniko ku Joni zaka zambiri, monga achitira Atonga ambiri. Anali pa ulendo wake wokagula ndiwo. Ataona nyundo m'manja mwa mnyamata, anaima.

"Mwana wanga, tula pansi chimenecho," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Ada, pulopelayi mukuifunabe kapena mwaitaya?"

"Ndikuifuna, ada. Ndilibe ina."

"Ndiye moto ayi, nyundo ayi."

Anatilongosolera zimene ambiri pa doko sitimazidziwa. Pakati pa mapiko ndi kachitsulo kamene kagwira shafuti pali labala wothinidwa mwamphamvu, woti pulopela ikagunda mwala, labalayo aterereke, magiya apulumuke. Mukaotcha, labala amapsa. Mukakoka mapiko mwankhanza, mapikowo amavuka n'kusiya kachitsulo kaja kali pomwepo. Mulimonsemo pulopela yafa. Mphamvu iyenera kukankha kachitsulo ka mkatiko, ndipo njira yokafikira ndi kudzera ku washala wamkulu amene amakhala kuseri kwake.

Anaimika mwendo wowonongeka uja pulopela itayang'ana kumwamba, n'kuthira mafuta a mabuleki osakaniza ndi dizilo pa timano paja. Anati tizithira m'mawa ndi madzulo, tizigogoda pang'ono ndi thabwa kuti mafuta alowe, ndipo tisachite china chilichonse. Kudikira kumeneko kunandipweteka kuposa zonse. Madzulo maboti a anzathu ankalowa m'nyanja, nyali n'kuyaka kutali, ine ndikuthira mafuta pa chitsulo chimene sichikusintha.

Atabweranso, anafunsa funso limene linamasula zonse: "Chikhokhombe chong'alukachi muli nacho ntchito?" Tonse tinali kuchisamala ngati n'chamoyo, chikhalirecho chinali chitatha kale. Anatenga sowo yodulira zitsulo n'kuchidula kuseri kwa pulopela mpaka shafuti ndi washala uja zinaonekera. Anapinga zidutswa ziwiri za sipuling'i ya galimoto pansi pa washalayo, n'kuzikhazika pa zitsa ziwiri zolimba, shafuti ikulendewera pakati. Dalaivala wa lole yonyamula usipa anatibwereka jeke, n'kuvomera kuti tigwiritse ntchito kulemera kwa lole yake. Pa nsonga ya shafuti mkuluyo anaimika bawuti yaifupi yonenepa, pamwamba pake chitsulo chaphanthi, kenaka jeke, mutu wake utagwira tchesi ya lole. Anatiuza tonse kuti tiime patali.

Anapopa pang'ono n'kusiya. Anathira mafuta, n'kupopanso. Lole inayamba kunyamuka. Ine ndinali kupemphera chamumtima, maso ali pa mapiko. Kenaka kunamveka phokoso limodzi, phwa! Ana anathawa. Shafuti inali itatsika pang'ono chabe, koma inali itatsika. Kuchokera apo inkayenda ndi kupopa kulikonse mpaka inagwera pa mchenga, pulopela ili pamwamba pa zitsulo zija yosakhudzidwa, labala wake ali bwinobwino. Amayi a pa mathandala analulutira. Ine misozi inatsika pamaso pa alovi anga.

Mkuluyo sanachoke mpaka atatsuka timano tonse ndi bulashi yawaya, kupaka girizi pa shafuti yatsopano ndi kuika kapini katsopano. Anationetsanso kathiridwe ka oyilo wa magiya: kumulowetsera pa bowo lapansi mpaka atulukire pa lapamwamba, kuti musatsale mpweya, n'kuyamba kutseka lapamwambalo. Ndalama anakana. Anati tikapha, timupatse ndiwo.

Tinalowa m'nyanja mdima usanathe, ndipo beseni loyamba la usipa linapita kunyumba kwake. Alovi awiri aja anabwerera. Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi chathu cha CCAP n'kunena zonsezi pamaso pa mpingo, mkuluyo atakhala pa benchi ya madoda. Ngongole ya ku banki mkhonde tinaimaliza mvula isanagwe. Masiku ano mwezi ukawala, maboti ali pamtunda, mnyamata yemwe ananyamula nyundo uja ndiye amachotsa pulopela, kufufuza ulusi kuseri kwake ndi kupaka girizi, ndipo eni maboti ena pa Sanga ayamba kumuitana kuti akawachitire chimodzimodzi.