Bulubuku idali ndi dzina la malemu

Amene mudakula m'zaka za m'ma 1980 mukuikumbukira galimoto ija tinkaitcha kuti Pijo. Peugeot 404, ya nyali zozungulira, giya yake ya pachiwongolero. Malume anga adali nayo yoyera, ndipo akamabwera kumudzi kwathu ku Migowi, ife ana tinkathamangira fumbi lake mpaka kumsika. Galimoto imeneyi idapambana mpikisano wa East African Safari Rally kanayi, mu 1963 komanso kuyambira 1966 mpaka 1968, choncho mabampu a msewu wa ku Phalombe kwa iyo adali masewera.

Ndiye mu 2024, nditamva kuti cha ku Chiringa kuli ina ikugulitsidwa, mtima udandiphonya. Ndidakaipeza pansi pa mtengo wa mango, penti itasuluka, koma atailiza, injini idalira ngati ya malume ija. Wogulitsayo adali mnyamata wolankhula mokoma. Adati pali bwana wina wa ku Limbe amene akubwera mawa ndi ndalama m'manja. Osaganiza kawiri, ndidamupatsa K300,000 ya chikole.

Ndalama imeneyo siidali yanga ndekha. Idali ya nandolo amene tidalima awiri ndi mayi a kunyumba, ndipo tidagwirizana kuti tigulira malata, poti denga lathu lidawonongeka ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Nditaulula usiku, mayi sadakuwe. Adangofunsa kuti, “Bambo, pepala la galimotoyo mwaliona?” Ndidati mnyamatayo wanena kuti bulubuku ilipo. Iwo adati, “Sindikufunsa zimene wanena. Mwaliona?”

M'mawa mwake tidapita atatu, ine, mayi ndi alamu anga amene ndi makaniko. Alamuwo adatenga tochi, bulashi ya waya ndi kansanza konyika m'parafini. Ine ndinkasisita mipando, iwo ali pansi pa boneti.

Zimene adandiphunzitsa tsiku limenelo ndi izi. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya chasisi ndi nambala ya injini, ndipo zonse ziwiri ziyenera kufanana ndi zolembedwa m'bulubuku, chilembo ndi chilembo. Nambala ya chasisi imapezeka pa kachitsulo kokhomedwa ndi marivete, komanso imadindidwa pa thupi lenileni la galimoto. Kachitsulo kaja wakuba angathe kukachotsa pa galimoto ina n'kukakhoma apa, ndiye khulupirirani kwambiri yodindidwayo. Mukaona pamalopo pali popalidwa ndi galainda, powotcherera, penti yatsopano pakati pa dzimbiri, kapena manambala opendekeka osiyana kukula, bwererani. Galimoto zambiri zopangidwa kuyambira 1981 zili ndi nambala ya zilembo 17, ndipo mulibemo I, O kapena Q. Zakale ngati Pijo nambala yake imakhala yaifupi, koma lamulo ndi lomwelo, igwirizane ndi pepala.

Ya chasisi idagwirizana. Ya injini ayi. Alamu adati zimenezi si zachilendo pa galimoto yokalamba, injini zimasinthidwa, koma mwini wake amayenera kukanena ku Road Traffic kuti mapepala akonzedwe, ndipo wogulitsa ayenera kusonyeza kumene injiniyo idachokera. Apo ayi, tsiku lina mudzaimitsidwa pa rodibuloko n'kulephera kuyankha, injini ili yobedwa.

Tili pa nkhani ya injiniyo, mayi adali chete akuwerenga bulubuku. Kenaka adati, “Achimwene, dzina lili apali ndi lanu? Tioneni chiphaso chanu cha unzika.” Mnyamata uja adayamba chibwibwi. Adati galimotoyo ndi ya malume ake, adamusiyira. Malumewo ali kuti? Adamwalira mu 2022. Nanga adasiya banja? Apa adayang'ana kumbali.

Tidafunsa anthu apafupi, ndipo adatilozera mudzi wina. Kumeneko tidapeza mayi wamasiye ndi ana atatu. Adatiuza kuti galimotoyo idatengedwa maliro asanathe n'komwe, pamodzi ndi mapepala ake, achibale a mwamuna akunena kuti chuma cha malume n'cha mphwake. Mwana wawo woyamba adali atasiya sukulu ali Fomu 2 chifukwa cha fizi. Ndidachita manyazi, abale. Ndidatsala pang'ono kukhala ine womaliza kuwalanda anawo, ndi ndalama ya malata a ana anga.

Kuno kwathu mwambo wa mphwa ulipodi, koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Galimoto ya malemu siigulitsidwa ndi aliyense amene wagwira makiyi. Wogulitsa akhale ndi chikalata chomupatsa mphamvu yoyang'anira chumacho, ndipo ngati mukukaika, kafunseni ku ofesi ya DC musanatulutse ndalama.

Inu achinyamata amene mwangolowa m'banja, kaya mukugula galimoto yakale, yatsopano, ngakhale njinga yamoto ya kabaza, njira ndi imodzi. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Dzina la m'bulubuku lifanane ndi la pa chiphaso. Ngati idachokera kunja, onani mapepala a msonkho a MRA ndi chikalata cha apolisi a Interpol chotsimikiza kuti siyobedwa. Lemberanani pamaso pa mboni, ndipo pitani limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini. Wogulitsa akamakukakamizani kuti pali wina akubwera mawa, musiyeni abwere. Safunsa adadya phula.

Chikole chija adandibwezera K120,000 yokha, ina akuti adadya kale, ndipo mpaka lero ndikumulondalonda. Malata tidagula theka chaka chimenecho, chipinda cha ana chidadontha dzinja lonse. Mayi sadandinenepo mawu oipa, koma madzi akamagwera m'beseni usiku ine tulo sindinkatiwona. Mayi wamasiye uja tidamuperekeza kwa amfumu kukayamba nkhani yake. Ndipo kunyumba kwathu tidapangana kuti ndalama yoposa K20,000 siituluka popanda awiri tonse kuvomereza.