Magalasi a Bemis ndi Mfuti ya ku Maple Street

Mng'ono wanga pobwera kuchokera ku Joni anatitengera zinthu ziwiri kuno ku Midzemba: bulangete lolemera limene mpaka lero lili m'sutikesi, ndi fulashi yodzaza ndi masewero akale a The Twilight Zone. Masewerowa ankaonetsedwa ku America kuyambira mu 1959 mpaka mu 1964, ndipo ambiri anawalemba ndi Rod Serling. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera. Tinkawaonera usiku titaswali Isha, pa kanema wa sola, mng'ono wangayo akumasulira m'Chichewa, pena akuthiramo zake.

Masiku amenewo amalume anga a ku Makanjira anali atabwera kudzacheza nafe, ndipo mkangano unabuka pakati pa iwo ndi ine.

Iwo anakonda sewero la mu 1959 lotchedwa "Time Enough at Last". Henry Bemis, kalaliki wa kubanki, amakonda kuwerenga, koma mkazi wake ndi abwana ake samupatsa mpata. Tsiku lina atabisala ndi buku m'chipinda chosungiramo ndalama, bomba linaphulitsa mzinda wonse. Anatsala yekha, napeza mabuku a mulaibulale ali mbwee, wopanda womusokoneza. Powerama kuti atole buku, magalasi ake anagwa n'kusweka. Amalume anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Nkhani ndi imeneyi."

Ine ndinatsutsa. Ndinati seweroli limatamandidwa mopyola muyeso, chifukwa mphamvu yake yonse ili pa kamphindi kamodzi komaliza, ndipo ukalionera kachiwiri umangokhala ukudikira magalasiwo. Komanso munthuyo akulangidwa popanda mlandu. Maganizo amenewa ndikadali nawo. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti ndinawanena kwa munthu amene ng'ala inamulanda kuwerenga zaka zingapo zapitazo, ndipo ndinazindikira zimenezi nditagona kale.

Langa linali la mu 1960, "The Monsters Are Due on Maple Street". Chinthu chowala chidutsa m'mwamba, ndipo magetsi, mafoni ndi magalimoto a mumsewu umodzi zonse zileka kugwira ntchito. Mnyamata wina akuti anawerenga kuti zolengedwa za kuthambo zimayamba zatumiza anzawo ooneka ngati anthu. Poyamba akuluakulu amuseka. Posakhalitsa galimoto ya bambo wina ilira yokha, ndipo mayi wina akumbukira kuti bamboyo amaimirira panja pakati pa usiku akuyang'ana kumwamba. Vuto lake n'kusowa tulo chabe, koma ndani angamve? Mdima utagwa, aona munthu akubwera chapatali, ndipo Charlie amuombera. Wakufayo ndi mnansi wawo, Pete Van Horn, amene anangopita kukaona ngati msewu winawo uli ndi magetsi.

Munthu wokhala m'boma la Neno sangaonere zimenezi ngati nthano. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa Mfumu Yaikulu Dambe, chiphaliwali chinapha mtsikana wa zaka 17, ndipo anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndi afiti. Chaka chotsatira, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ndinawakumbutsa amalume zonsezi, ndikuganiza kuti ndapambana.

Iwo anagwira pa mathero. Sewerolo limatha ndi zolengedwa ziwiri za kuthambo zili paphiri, zikuyatsa ndi kuzimitsa magetsi kuti anthu aphane okha.

"Mphwanga," anatero, "wolembayo anachita mantha pomaliza. Anaika alendo paphiri kuti oonera apeze wina womuloza chala. Nanga ku Chimbalanga, paphiri panali ndani?"

"Komatu amalume, alendowo anangoseweretsa magetsi. Mfuti inali m'manja mwa Charlie."

"Inde. Koma ukamufunsa Charlie mawa, adzakuuza kuti anapusitsidwa, ndipo sewero lakolo lidzamuikira umboni."

Tinakangana mpaka batire linatha, osagwirizana. Pobwerera ku Makanjira anapempha mng'ono wanga kuti awaikire sewero la Bemis mufoni, ngakhale kuti nkhope za pakanema samaziona bwino. Ine la Maple Street ndalioneranso kanayi, ndipo maulendo awiri omaliza ndinaliimitsa kamera isanafike paphiri.